Damaris ndi Zilembo za Chimanga

Damaris ankatong'ola chimanga pakhonde. Ankatong'ola pang'onopang'ono. Njere imodzi inagwera m'lichero. Kenako ina.

Damaris anali ndi nkhawa. Lachisanu kunali mayeso kusukulu. Mwana aliyense adzawerenga yekha. Wolephera adzatsala mu Sabu A. Anzake adzapita mu Sabu B.

M'kalasi munali ana ambiri. Aphunzitsi ankaloza pabolodi. Ana onse ankayimba pamodzi, "a, e, i, o, u." Damaris ankayimba nawo. Nyimboyo ankaidziwa. Koma zilembo sankazidziwa. Sanauze munthu.

Amalume ake, a Jeremiah, anali pafupi. Anali atabwera kumudzi ku Kambombo kuchokera kumigodi. Mwendo wawo unali wovulala. Ankakhala pakhonde tsiku lonse.

"Iwe Damaris," anatero amalume, "chimangachi udzamaliza chaka chamawa?"

Damaris anatong'ola njere ina.

"Ndi mayeso aja?"

Damaris anagwedeza mutu.

Amalume anatapa njere m'lichero. Anaziyala pamphasa. Anapanga zilembo zisanu.

"Werenga, mwana wanga."

"A, e, i, o, u," anayimba Damaris.

"Wakhoza. Manje ichi n'chiyani?" Amalume analoza chilembo chapakati.

Damaris anayang'ana. Anayang'ananso. Misozi inalengeza.

"Usalire," anatero amalume. "Pano tili awiri. Palibe wokuseka. Nkhuku izi nazonso sizidziwa kuwerenga."

Damaris anamwetulira pang'ono.

Lolemba anapanga chilembo chimodzi. Anachipanga ndi zala zake. Lachiwiri anapanga ziwiri. Tambala anabwera n'kudya "o".

"Taona," anatero amalume, "tambala wameza sukulu."

Damaris anaseka. Anapanga "o" wina.

Lachitatu amalume anasokoneza zilembo. Damaris analakwa. Amalume anadikira. Damaris analakwanso. Amalume anadikirabe. Kachitatu anakhoza.

Lachinayi amalume anawonjezera zilembo zina, ndipo Damaris anawerenga mawu athunthu. "Ma-ma. Mo-to. Ma-dzi."

Lachisanu linafika. Aphunzitsi anaitana Damaris. Analoza apa. Analoza apo. Mawu a Damaris anali aang'ono. Koma anakhoza zonse.

Anathamanga mpaka kunyumba. Amayi ake anamukumbatira.

"Sabu B, mwana wanga," anatero amayi. "Manje amalume ako apumule. Wawatopetsa sabata yonse. Sukulu ya pakhonde yatha."

Amalume anangoyang'ana mwendo wawo.

Damaris anaima pakati pawo. Anayang'ana amayi ake.

"Iyayi, amama," anatero. "Isathe. Kusukulu ndimaopa kufunsa. Pano sindiopa. Ndili ndi mafunso ambiri."

Amayi anadabwa. Anali asanamvepo Damaris akulankhula chotere.

"Ambiri bwanji?" anafunsa amalume.

"Ambiri zedi."

Amalume anasendeza ndodo yawo. Anamupatsa malo pamphasa.

Damaris anakhala pansi. "Loyamba ndi ili," anatero. "Dzina langa limalembedwa bwanji?"