Ndani Wakhoma Mawilo?

Esnati amakhala ku Chinzombo. Lero ali ndi changu. Amayi ali ku chipatala ku Mfuwe. Abereka mwana wamkazi. Esnati akufuna kukamuona lero lomwe.

Atate abwereka motoka ya kuntchito. Ndi pikapu yakale. Chitseko chake chimalira ngati mbuzi.

Atate analowa m'nyumba kukatenga dengu. Pomwepo kunabwera a Jairos, dalaivala mnzawo wa Atate. A Jairos saseka. Salankhula zambiri. Esnati sawakonda.

A Jairos anagwada pa wilo lakutsogolo. Anapotokola kachitsulo ka pakati pa wilo. Anapita ku wilo linalo. Anapotokolanso.

Esnati anabisala kuseri kwa mtengo wa mango. Maso ali tong'o.

"A Benson, mawilo ndakhoma," anatero a Jairos kwa Atate pa zenera. Kenako anapita.

Esnati anaganiza. Chitseko chokhoma sichitseguka. Nanga wilo lokhoma lingayende? Ndiye kuti a Jairos sakufuna kuti iwo apite!

Esnati anagwira kachitsulo ndi manja awiri. Anakabweza. Anabwezanso ka wilo linalo. Sanauze munthu. Anadziona wochenjera kwambiri.

Motoka inayenda bwino. Esnati anamwetulira.

Anafika pa kamtsinje ka mchenga. Mitambo inali itada. Atate anati mvula ikagwa, madzi adzadza, ndipo sawoloka.

Atate anakoka giya yaing'ono. Analowa mumchenga. Motoka inabangula. Mawilo akumbuyo anazungulira. Anakumba. Anakumbanso. Mawilo akutsogolo anangokhala chete.

Motoka inatitimira.

Atate anakwinya nkhope. "Kodi a Jairos andinamiza?"

Dontho la mvula linagwa pa galasi. Lina linagwanso. Esnati anachita mantha. Anachitanso manyazi.

"Atate, sananame," anatero motsitsa mawu. "Iwo anakhoma. Ine ndinatsegula."

Atate anamuyang'ana. Anapukusa mutu. Kenako anaseka mpaka kutsokomola.

Anamutengera pa wilo. Anamuuza kuti kukhoma wilo si kuliyimitsa ayi. Ndi kulilumikiza ku injini. Giya yaing'ono imatumiza mphamvu kutsogolo. Koma wilo losakhoma silimva. Mawilo awiri okha ndiwo amakankha. Ukakhoma, onse anayi amathandizana.

Atate anafukula mchenga. Esnati anapotokola kachitsulo. Khethe! Anathamangira ku wilo linalo. Khethe!

Motoka inabangulanso. Mawilo akumbuyo anakankha. Mawilo akutsogolo anakoka. Pang'ono. Pang'ono. Anawoloka!

Esnati anati mawa akapepesa kwa a Jairos. Atate anavomera.

Ku chipatala, Amayi anali pakhomo. Anafunsa chimene chawachedwetsa.

"Funsani makanika wathu uyu," anatero Atate.

Esnati anabisa nkhope. Amayi anamukhazika pa benchi. Anamuyika mwana pa miyendo. Mwanayo anagwira chala cha Esnati. Anachigwira zolimba, osachitaya.