Tchizulo za Mvukuto

Lolemba m'mawa wowotcherera zitsulo anatsekula shedi yake n'kupeza pakona pali mbee. Zitsulo zonse zomwe anadula Loweruka, zoti akaike m'mawindo a sukulu, zinali zitapita. Loko anali wokhoma bwinobwino. Makiyi anali awiri okha, wina wa iye, wina wa mkamwini wake yemwe ankagwira naye ntchito.

Mkazi wa wowotchererayo sanadikire apolisi. Mlandu anaweruza yekha ali chiimire pakhomo. Mkamwiniyo sanamukondepo chiyambire, ati wofatsa mopitirira amabisa zambiri. Anamulanda kiyi, n'kuuza mwana wake wamkazi kuti zitsulo zikapanda kupezeka alongedze abwerere kwa makolo ake. Mkamwini anapereka kiyi ndi manja awiri. Paja wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma tsikulo mtima unamupweteka kwambiri.

Dzuwa litakwera kunabwera sajeni wamkazi. Loko sanataye naye nthawi. Anazungulira kuseri n'kuima pawindo. Pakati pa zitsulo ziwiri zotchinga windolo penti wobiriwira anali atasuwa.

“Zimenezi zingapindike osathyoka?” anafunsa sajeni.

“Kwambiri, mayi,” anatero wowotcherera. “N'zofewa, kaboni wake ndi wochepa. Mumapinda, mumawongola, zili phee.”

Bamboyo chitsulo chimenechi ankachikonda ngati mwana wake. Sichivuta kudula, chimagwira msanga powotcherera, ndipo ndi chomwe chinkadyetsa banja lake. Sajeni anati wakubayo anakankha zitsulozo ndi jeke ya galimoto, analowa, ndipo potuluka anaziwongola. Kiyi sanafunike. Mkazi wa wowotcherera uja anangoti jeke ngakhale mkamwini atha kubwereka.

Masiku otsatira mkamwini ankabwerabe kuntchito, n'kumadikira panja kuti apongozi ake amutsekulire.

Lachinayi masana kunafika womanga nyumba wina akutukwana chamumtima. Anagula tchizulo kumsika dzulo lake, koma atangomenya pakhoma la simenti nsonga inapindika ngati khutu la galu. Ankafuna amunolere. Wowotcherera anaigunditsa pagalainda, makina ake onolera. Mbaliwali zinatuluka zazitali, zowongoka, zosathetheka. Chitsulo cholimba chimalavula mbaliwali zophulika. Ichi chinali chofewa.

Anaitembenuza tchizulo ija n'kuyamba kuseka yekha. Kumapeto kwake kunali kamzere ka penti wabuluu kozungulira. Mkamwini yekha ndi amene ankapaka kamzere kotere pachitsulo chilichonse chomwe wayeza n'kudula, ndipo apongozi ake ankamuseka tsiku ndi tsiku kuti akungomwaza penti.

Wowotcherera anaitanitsa sajeni, ndipo womanga nyumba uja anawatengera kumsika, sajeniyo ali pambuyo. Wogulitsayo anali wosula zitsulo yemwe anthu ankamutcha Mvukuto, chifukwa pakamwa pake sipankapuma. Nkhwangwa zake zinali zabwino ndithu, popeza ankasula ndi masipuling'i a galimoto zakutha. Masipuling'iwo atasowa, anaganiza kuti chitsulo n'chitsulo basi. Ukachiwotcha mpaka kufiira n'kuchiviika m'madzi, chilimba. Sankadziwa kuti chofewachi ungachiviike ngakhale mumtsinje wonse, sichisintha.

Pamphasa pake panali tchizulo zambirimbiri, zonse zovala kamzere kabuluu.

“Zolimba izi, mayi,” anatero Mvukuto. “Zimadula ndi mwala womwe.”

“Dulani msomali uwu tione,” anatero sajeni.

Mvukuto anatenga hamala n'kumenya. Msomali unangophwatalala, nayo tchizulo n'kubunthiratu. Anasankha ina, chimodzimodzi. Anthu omwe anaunjikana anafa nacho chiseko. Sajeni anasuzumira pansi pa benchi n'kukoka jeke, mano ake ali ndi penti wobiriwira wa pawindo lija.

“Munali ndi ndani?”

“Ndekha, mayi. Lamulungu masana, onse ali kutchalitchi.”

La fote linamukwanira. Unyolo womwe anamumanga nawo unali wa chitsulo cholimba, ndipo Mvukuto anayenda ulendo wonse wa kupolisi ali chete, zomwe amumsika anali asanazionepo.

Zitsulo zotsala zinapezeka kuseri kwa nyumba yake. Madzulo omwewo wowotcherera anaika chitsulo chopingasa pawindo la shedi, akuimba mluzu, mkamwini akumugwirira. Mkazi wa mkamwiniyo anali atakhala pandowa chapatali, akusenda malalanje. Kenaka mkazi wa wowotcherera uja anatulukira, dzanja lili kumbuyo. Kupepesa sankakudziwa, ndipo sanayambe tsikulo. Anaika kiyi pabenchi pafupi ndi mkamwini, pambali pake n'kuikapo chitini chatsopano cha penti wabuluu.

“Uja watha,” anatero. “Muzipaka wambiri, bambo.”