Ndodo Imene a Mathias Anazula ku Nyanja ya Mchere

Mipopi ya ku Mpingwe inali itauma masiku anayi, ndiye mayi Anastazia atapeza madzi ali ndengundengu pansi kuchipinda chogona, sanachite mantha. Anapsa mtima. Munthu ukatunge madzi kutsidya kwa msewu, usenze ndi ukalamba wako, wina azingotaya?

"Bambo a Hannah, mwagubuduza chidebe usiku?"

"Ine? Chidebe chili kukhitchini, chodzaza," anayankha amuna awo, a Mathias, akutsokomola m'bulangete.

Mayi anakolopa akung'ung'udza. Pofinya chikolopa, dontho linawathovukira pamlomo. Mchere.

A Mathias anali atangobwera kumene kuchokera ku Mozambiki. Atapuma ntchito ku fakitale ya ku Makata, anaganiza zokaona kwawo kwa malemu bambo awo, mudzi wa asodzi kupitirira Quelimane, ndipo m'miyezi yonse anasankha Juni. Munthu amene nsomba ankangoidziwira pamsika wa Limbe anabwerako ali mphunzitsi wa usodzi.

"Nyanja ya mchere si ngati ya kwathu kuno," ankauza aliyense wobwera kudzawazonda. "Imapita n'kubwerera, kawiri pa tsiku. Ukakhala mlendo usathamangire kuponya mbedza. Uyambe wayenda itaphwa, uone mmene makwawa akudutsira m'matope. Nyengo yozizira nsomba zimabisala m'maenje akuya, ndipo zimadya mwaulesi, ndiye nyambo uziikoka pang'onopang'ono."

Nsomba sanabwere nayo ngakhale imodzi. Anabwera ndi chifuwa, komanso ndodo yakuda yofika m'khwapa, kunsonga kwake kutamangidwa kansanza kofiira. Anaiimika pakona, kumutu kwa bedi.

Usiku wotsatira madzi anabweranso. Masana akenso, dzuwa lili pamutu, mayi anapeza simenti itanyowa. Anakwera pampando kuyang'ana denga, silinkadontha. Anagwira khoma, linali louma. Aneba ena amati ndi kasupe wa pansi pa nyumba, ena kumsika wa masamba amanong'ona kuti bamboyo anakatenga zizimba kunyanja. Mayi Anastazia analibe nthawi ya miseche. Anatenga khala n'kumalemba mzere pakhoma pamene madzi alekezera. Mizereyo inkakwera tsiku ndi tsiku, ndipo madziwo ankachedwa pang'ono kusiyana ndi dzulo lake, ngati munthu wotsata ndandanda yakeyake. Chimene chinawasowetsa tulo n'chakuti madzi akamakwera pakhoma, chifuwa cha a Mathias chinkakweranso. Kuchipatala anati m'mapapo muli madzi, n'kuwapatsa mapilitsi. Mapilitsi ankamwedwa, chifuwa osasintha.

Lachisanu m'bandakucha, chiperoni chitakuta Mpingwe yense, mwezi ukungooneka mbuu kuseri kwa nkhungu, mayi anadzidzimuka ndi fungo la matope owola. Agalu onse a m'deralo anali chete. M'chipindamo munkamveka kaphokoso, tswaa, n'kuleka, tswaa, n'kulekanso, ngati wina akukwekwesa mapazi m'dambo. Atatsitsa mwendo, madzi ozizira ngati a m'firiji anawafika m'katumba. Nkhwaira zawo zinkayandama, zikuzungulira pang'onopang'ono kulowera kupakona kuja. Pabedi a Mathias ankapuma movutikira, m'chifuwa mukumveka kubwata.

"Bambo a Hannah," ananong'ona mayi, akuwagwedeza, "ndodo iyi munaitenga kuti?"

"Ndinatola."

"Musandinamize ine. Munatola kuti?"

"Ndinazula m'matope, m'mbali mwa khwawa. Miyendo inali itatopa, ndimafuna choyendera. Zinalipo zambiri, mayi a Hannah, imodzi yokha ingasowe?"

"Zambiri! Kwa eni ake, zinthu zozikidwa bwinobwino, inu n'kumazula ngati chinangwa cha m'munda mwanu?"

Mayi anaimbira foni a Habib, msodzi wachikulire amene anasunga a Mathias kumudzi kuja. A Habib anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ili ndi kansanza kofiira?" anafunsa motsitsa mawu.

"Eya."

"Mlamu, kwathu kuno zopanda nsanza n'zolozera njira. Za nsanza yofiira timazika pamene madzi anatengera munthu. Nyanja ikadzaza imafika pandodopo, n'kubwerera. Panopa ikuilondola komwe ili, ndipo amene ikum'peza pafupi ndi amuna anu. Musaiwotche, musaitaye m'dzala. Ibwerere m'dzenje lake. Mawa ndi mkuja madzi akhala okwera kuposa masiku onse."

Kutacha, madzi ataphwa n'kusiya mchere woyera pasimenti, a Mathias anayesa kudzuka, akufunafuna nsapato.

"Ndikaibweza ndekha."

"Inu? Kuti mukazule ina pobwerera? Gonani uko."

Mayi anaitana mwana wawo Hannah kuchokera ku Bangwe kuti adzasamale bambo ake, anamanga chitenje m'chiuno, natenga ndodo. Inali yozizira ndi yolemera kuposa maonekedwe ake. Atangotuluka pageti anaima kumvetsera. M'nyumbamo kutsokomola kunali kutaleka.

Ku Limbe minibasi ya ku Muloza inachita zake zomwe zija. Inazungulira depoti kufuna anthu, inakaima ku Thyolo kudikira katundu, tayala n'kuphulikanso. Pamene ankadutsa m'minda ya tiyi ya ku Mulanje dzuwa linali litapendeka, malire asanawaone n'komwe. Mayi anakhala kumbuyo, ndodo ili pakati pa maondo, maso ali padzuwa.

Mtsikana amene anakhala nawo pafupi anakweza miyendo mwakachetechete. Bambo wa kutsogolo ananyamula thumba lake la ufa n'kuliika pamiyendo. Mwana wina anayamba kulira.

"Ndani wataya madzi m'galimoto muno?" anakuwa kondakitala. "Amayi kumbuyoko, mwanyamula chiyani chikudontha chonchi? Aaa, koma akununkha!"

Mayi Anastazia anagwiritsitsa ndodo ija ndi manja awiri.

"Usandisokose, mwanawe. Uza dalaiva wakoyo aponde mafuta. Awa ndi oyamba chabe."