Dzina Kuseri kwa Nyali

Ine ndayenda, abale! Joni, Beira, Dubai, konseko ndapondako ndi thukuta langa, koma mkazi womwetulira ngati Sinikiwe sindinamuonepo. Ndiye musamuseke Mthulisi.

Anakumana m'sitolo ya zipangizo za magalimoto ku Belmont, muno mu Bulawayo. Mthulisi, mnyamata wa m'kalabu yathu ya magalimoto akale, ankafuna nyali yakumbuyo ya Zefa, galimoto imene malemu bambo ake anamusiyira.

"Mtengo umenewu ndi wa nyali kapena wa nyumba?" anadandaula Mthulisi.

Kumbuyo kwake kunamveka kuseka kwa Sinikiwe. "Achimwene, galimoto yake ndi yokongola bwanji kuti muzilira chonchi?"

Sabata isanathe, Sinikiwe anali atafika ku Luveve kudzaiona Zefa ija itakhala panjerwa, yopanda matayala. Anaisisita ngati khanda. Kenako mauthenga anayamba kugwa ngati mvula.

"Wadzuka bwanji dalaivala wa mtima wanga? Tsiku limene Zefa idzalire, ine ndidzakhala kutsogolo nditavala zoyera."

Mthulisi anandionetsa uthengawo mano onse ali pamtunda.

"Mphwanga," ndinatero, "mkazi amafunsa ngati wadya. Uyu bwanji dzulo amafunsa nambala ya injini?"

Zinthu zinali zitathina kale. Penti inakwera, matayala anakwera, ogula akunja akusesa chilichonse chakale ndi madola awo. Anzathu ankagonja mmodzimmodzi. Anatimvetsa chisoni kwambiri ndi mdala Tshuma. Ife a m'kalabu timalemba maina ndi msomali kuseri kwa chipangizo chilichonse chosowa, kuopa akuba pa zionetsero za magalimoto. Ine ndimalemba dzina langa lonse, zilembo zikuluzikulu! Mdala Tshuma ankalemba la malemu mkazi wake, MaNyoni. Naye anagulitsa Zefa yake akulira kwa Gatsheni, wamalonda wa ku Hillside, amene anamulonjeza kuti, "Siidzaphwasulidwa, baba. Ikupita kwa munthu woikonda."

Posakhalitsa Sinikiwe anayamba nyimbo ina.

"Switi, bwanji osangoigulitsa? Malowolo sadikira dzimbiri."

"Ndi ya bambo anga, Niki."

"Bambo ako akanafuna zidzukulu, osati chitsulo. Ndikudziwa munthu amene angaisamale."

"Munthu wake ndani?"

"Aaa, nsanje basi! Mnzawo wa amalume."

Foni yake ikalira ankathamangira kumsewu. Akabwerako ankajambula Zefa mbali zonse, mpaka kugwada kuti aone kunsi. Kodi chikondi chimagwada kunsi kwa galimoto? Mthulisi mtima unayamba kumutentha.

"Niki, undiuze zoona. Pali mwamuna wina?"

Misozi inangoti mbwe! "Ndikulumbira, mwamuna wanga ndiwe wekha. Ndidzakuonetsa."

Loweruka Sinikiwe anafika ndi kabokosi kokutidwa pepala lonyezimira. Mthulisi atatsegula anakuwa. Nyali ija! Yofiira psu, yopanda mng'alu!

Anamunyamula m'mwamba. "Mfumukazi yanga, ndikhululukire! Ndinakuganizira zoipa."

"Iveke ioneke bwino, wokondedwa. Munthu uja angabwere mawa?"

"Abwere! Ndigulitsa. Ndikusankha iwe."

Anagwada kumbuyo kwa galimoto, natembenuza nyali kuti alumikize mawaya. Kuseri kwake kunali zilembo zokhotakhota za msomali: MaNyoni.

"Niki, nyali iyi waitenga kuti?"

"Ndinaitanitsa ku Joni."

"Ku Joni kuli MaNyoni?"

"Ndani ameneyo?"

Nthawi yomweyo foni ya Sinikiwe inanjenjemera pamwamba pa buti. Mthulisi sanaigwire, anangowerenga. "Bwana Gatsheni: Wavomera? Lole ibwere mawa?"



"Ndiye Zefa ya a Tshuma munaiphwasula," anatero Mthulisi motsitsa mawu. "Mawa inali ya bambo anga."

"Poyamba inali ntchito, Mthuli, sindikana. Amandituma kwa anthu amene mitengo yawatopetsa. Koma iwe ndinakukondadi! Tikanakwatirana ndithu!"

"Kwa a Tshuma unapitako iwe?"

Sinikiwe anavomera ndi mutu.

"Unkawauza chiyani? Kuti nawonso ndi dalaivala wa mtima wako?"

"Ndinkawauza kuti amandikumbutsa bambo anga."

Mthulisi anatsegula geti. "Tenga foni yako. Nyali ikutsala, ili ndi mwini wake."

"Mthuli, chonde!"

Sanacheuke.

Masana omwewo ndinamunyamula Mthulisi pa Benzi yanga kupita kwa mdala Tshuma ku Mpopoma. Mdalayo anailandira nyali ndi manja awiri, nasisita dzinalo ndi chala nthawi yaitali.

"Ndiye anaiduladula," anatero.

"Pepani, baba. Ndabwera kudzakubwezerani."

Mdala anapukusa mutu, naibwezera m'manja mwa Mthulisi.

"Ndiiveka pa chiyani, mwanawe, pa wilibala? Kaiike pa Zefa ya bambo ako. MaNyoni ankakonda kuyenda."

Zefa ikadali panjerwa ku Luveve, ndipo mitengo ikukwerabe. Koma nyali yavekedwa. Nambala ya Niki anaifufuta, ngakhale ndikudziwa kuti akuidziwabe pamtima.