Cha Diso Limodzi m'Chigafa cha Ernest

Mikangala isanu ndiyo inayamba kupezeka yopanda fodya. Ernest Mwale anaiona Lachiwiri m'mawa, atatsamira ndodo pakhomo la chigafa, mwendo wamanja uli m'chikhakha kuchokera m'bondo mpaka kuphazi. Dzulo lake mitengo yopachikapo fodyayo inali yodzaza ngati inzake. Tsopano panangotsala mitengo yokha, ndipo pansi panalibe ngakhale kachidutswa ka tsamba. Mbala imagwira mothamanga, imasiya zinyenyeswa. Amene anabwera apa anachita kusesa pochoka. Ernest anayang'ana galu wake, galuyo n'kumangogwedeza mchira ngati usiku wadutsa bwino.

Mwendowo anauthyola kumayambiriro kwa Epulo, ngolo itamugwera pochokera kumunda, nthawi imene mlimi wa fodya sayenera kudwala ngakhale chimfine. Fodya anali atauma, akudikira kutsitsidwa, kusankhidwa ndi kudindidwa m'mabelo, ndipo lole ya kalabu yopita ku okushoni inali yonyamuka pakutha pa mwezi. Lole sidikira munthu. Wotsalira amagulitsa kwa mavenda pamtengo wolira nawo. Chinanso, feteleza wotsika mtengo amene Ernest anamugonera pamzere masiku atatu, netiweki ikuvuta, anamuthira yense kufodya, chimanga n'kuchisiya chili chachikasu. Chakudya cha chaka chonse chinali lende m'chigafamo. Mkazi wake Feliya anali woyembekezera, masiku atayandikira, ndipo fungo la fodya linkamudzutsira mseru. Amayi a kumpingo atabwera kuti athandize, Ernest anawathokoza ndi ulemu wonse n'kuwabweza. "Fodya wanga sagwiridwa ndi manja ambiri," anatero, akukhulupirira kuti pakatha masabata awiri akwera yekha. Munthuyu anali wabwino, koma kunyada anali nako kokwanira mudzi wonse.

Pothawa maganizo, anadzipereka ku chimene ankachikonda kuyambira kale. Masana alionse wakabaza ankamunyamula, mwendo utatambasuka ngati mpini, kupita naye pa Chulu, komwe Lucious ankaonetsa kanema m'kanyumba ka malata, mawindo atatchingidwa ndi mabulangete, womasulira m'Chichewa akukuwa pamwamba pa mawu onse. Anthu ambiri ankabwerera za nkhonya. Ernest ankadikira zoopsa ndi za kuthambo. Mwezi umenewo anaonera ya chipatala chimene odwala ake ankadzuka alibe chithunzithunzi, ya chombo chimene chinabwerera kuchokera kunyenyezi chitanyamula anthu ochuluka kuposa amene chinapita nawo, ndi ina, yomwe anaibwereza katatu, ya zolengedwa zazitali zoyera za diso limodzi lowala pachipumi, zotsikira m'minda kudzatenga mbewu za anthu pang'onopang'ono.

Akatuluka ankakakhala pabenchi ya pagolosale ya Rajab, mnzake wa kupulayimale. Rajab anali atagula katoni ya mabuku akale a Chingerezi oti azing'amba pokulungira mchere ndi misomali, ndipo Ernest ankapulumutsamo onse okhala ndi chithunzi cha mwezi kapena chigaza pachikuto. Vuto linali loti Rajab ankang'amba kuyambira kumbuyo. Mwa mabuku asanu ndi limodzi amene Ernest anawerenga mwezi umenewo, palibe limene anadziwa mathero ake. Ankangowapeka yekha, n'kumamufotokozera mwini golosale, amene mantha ake ankadziwika mpaka ku Chisemphere. Unali mwezi wa Ramadhani, Rajab milomo ili gwa ndi kusala, koma mphamvu zotsekera makutu sizinkamusowa.

"Achimwene, ndapota nanu, lekezani pomwepo," ankatero. "Ine ngakhale kuchimbudzi kukada amandiperekeza ndi akazi anga, a Khadija."

Ernest ankaseka, n'kuchiwonjezera mano chilombocho.

Za mikangala isanu zija sanaseke. Lachitatu m'mawa inapezekanso ina isanu ndi iwiri yopanda kanthu. Pachitsime amayi anati ndi akuba ogulitsa kwa mavenda. Ena anati ayi, uku n'kukawa, alipo wina m'mudzi muno amene fodya wake akuchuluka yekha, ndipo maina anayamba kutchulidwa chapansipansi. Mkulu wina wodutsa panjira anati galu akapanda kuuwa, ndiye kuti chobweracho sichiyenda ndi miyendo. Ernest anali ndi ganizo lake, koma anauza mkazi wake yekha.

"Zimatenga pang'onopang'ono," ananong'ona atagona. "Sizisiya mapazi, ndiponso agalu saziona."

"A Mwale, chinathyoka ndi mwendo, mutu ayi," anayankha Feliya. "Pitani mukawapepese amayi aja, adzatsitse wotsalayu asanathe."

Sanapite. Madzulo a Lachinayi anakhala pawindo, ndodo ili pamiyendo, kuti aone yekha. Tulo tinamuba, ndipo anadzidzimuka tambala woyamba atangolira. Mwezi unali utalowa, mame atagwa, kuzizira kukulowa pansi pa chitseko. Choyamba anazindikira kuti nkhululu zaleka kulira. Kenako kuchokera kuchigafa kunamveka phokoso lofewa, losafulumira, ngati munthu akupinda nsalu imodziimodzi. Fodya wouma akakhudzidwa amalira tswatswa, koma uyu sankalira. Pansi pa phokosolo panali mawu, kung'ung'udza kothamanga kobwerezabwereza, kosapuma, komwe sanathe kugwirapo liwu ndi limodzi lomwe. Galu analira kamodzi pang'ono, ngati akupempha, n'kukhala chete. Ernest anafuna kudzuka koma thupi linakana. Anachita mantha enieni, osati a kwa Lucious aja amene amatha chitseko chikatsegulidwa.

M'bandakucha wotsatira anachiona ndi maso. Pakati pa masamba olendewera panayenda kuwala, kenako chinthucho chinatulukira poyera pakati pa nsanamira. Chinali choyera kuchokera m'khosi mpaka pansi, chopanda miyendo yooneka, diso limodzi likuyaka pachipumi. Chinaima kanthawi ngati chikumvetsera. Kenako chinakweza manja, n'kuyamba kukwera m'mwamba pang'onopang'ono, chikung'ung'udzabe. Chili pamwambapo, disolo linatembenuka n'kuwalira pawindo penipeni. Ernest anagwa chagada pamkeka, chikhakha n'kugunda pansi.

"Mwaona chiyani?" anafunsa Feliya mumdima.

"Palibe," anatero Ernest.

Loweruka limenelo sanapite kukanema, ndipo buku analibisa pansi pa mtsamiro chikuto chitayang'ana pansi. Gawo limodzi mwa magawo atatu a fodya wake linali litapita. Anakhala pakhonde akuganiza za mwana wobwerayo, ndi za nkhokwe yomwe chaka chino inalibe choikamo.

Ndi m'nkhokwe yopanda kanthuyo mmene Feliya anasuzumira masana, pofunafuna kumene thadzi lake likuikira mazira. Anamuitana mwamuna wake ndi dzanja. M'katimo, pansi pa matumba oyala bwinobwino, munali fodya yense wosowa uja, atamangidwa m'timitolo, timitoloto titandandalikidwa ngati sopo pashelefu.

Ernest anapumira m'mwamba. Anatenga kamtolo kamodzi, n'kukatembenuza padzuwa, ndipo nkhope inasintha. Anatenga kena, kenanso. Womangayo anasankha poyang'ana kutalika kokha. Masamba otuwa a m'munsi anali pamodzi ndi ofiira a kunsonga, a mawanga pamodzi ndi osalala. Choipitsitsa chinali chomangira. Mlimi aliyense, ngakhale wongoyamba, amadziwa kuti kamtolo amakamanga ndi tsamba la fodya lomwelo. Apa kalikonse kanali komangidwa mwaluso ndi ulusi wa pulasitiki wosolola kuthumba la shuga. Ku okushoni akapeza kaulusi kamodzi kotere, belo lonse limabwerera kwawo.

"Kaya ndi mzukwa, kaya n'chochokera kumwezi, fodya sichimudziwa," anatero Ernest mokwiya. "Chikapitiriza chonchi chindiphera mabelo onse."

Mantha ali ndi malire ake, ndipo kwa mlimi wa ku Kasungu malirewo ali pa belo lobwezedwa. Kutada anadzikoka yekha kukalowa m'chigafa, n'kukhala pachitsa kuseri kwa masamba, atafunda bulangete mpaka kumutu. Anadikira nthawi yaitali. Chinyezi chinalowa pang'onopang'ono, ndipo anamva ndi zala masamba amene anali pafupi naye akufewa. Tambala analira. Nkhululu zinaleka. Kutali, kunjira yodutsa kumanda, kuwala kunayamba kubwera kukugwedezeka, mawu aja akukula. Galu anathamangira komweko, n'kubwerera limodzi nacho. Chinalowa, n'kuima pafupi moti Ernest anamva kupuma kwake, kupuma kwa phuma ngati kwa munthu amene wathamanga. Ataona dzanja likutulutsa mpukutu wa ulusi uja, mawu anatuluka okha.

"Iwe, anakuuza ndani kuti fodya amamanga ndi pulasitiki?"

Chinthucho chinakuwa mawu amene anadzutsa agalu a midzi itatu. Chinabwerera chafutambuyo, n'kupunthwa pansanamira, n'kugwa. Diso lija linathothoka pachipumi n'kugubuduzika pansi, lamba wake akulitsatira, ndipo kuwala kwa tochiyo kunagwera pa nkhwaira imodzi yovuka ndi pa munthu wovala mkanjo woyera, atadziphimba kumaso ndi manja onse awiri.

"A Rajab?"

Panapita kanthawi manjawo asanatsike. "Achimwene," anatero Rajab ndi mawu a munthu wotsala pang'ono kulira, "ndimayesa ndi chija cha m'chombo chija."

Ernest anatola tochi. Feliya anali ataima pakhomo la nyumba ndi nyali, ndipo atazindikira mawuwo anangobwereramo, kuseka kukumugwedeza mapewa.

"Mukutani muno nthawi ino?"

Rajab anakhala tsonga, akusasa fumbi pamkanjo. "Tikadya daku, chakudya chathu cha m'bandakucha, pamatsala kanthawi tisanalowe mumzikiti. Alimi pagolosale amanena kuti nthawi yomweyo ndi imene fodya amafewa, sathetheka. Ndiye ndinati m'malo mobwerera kukagona, bwanji ndizikatsitsako pang'ono. Ndimaika m'nkhokwemo kuti mudzangoupeza wonse watha."

"Mumadutsa kumanda kuja nokha?"

"Ndimadutsa ndikupemphera mosapuma. Dzulo ndinaona nkhope pawindo lanu, ndinatsala pang'ono kugwa pamwambapo."

"Bwanji osandiuza?"

"Amayi a mpingo wanu womwe munawabweza dzuwa likuswa mtengo," anatero Rajab. "Ine wogulitsa mchere mukanandilandira? Komanso chothandiza cha mwezi uno sitichita kuchilengeza."

Ernest anakumbukira masana onse aja pabenchi, iye akuunjika zilombo pamutu pa munthuyu, akuseka, mnzakeyo akudziwa kuti maola ochepa akubwerawo aziyenda nazo yekha mumdima, m'mimba muli tiyi ndi kachakudya koti kamusunge tsiku lonse. Anachita manyazi aakulu, ndipo pansi pa manyaziwo anamva kuti amamukonda munthu wamanthayu kuposa m'bale wobadwa naye.

"Ndalakwitsa kwambiri?" anafunsa Rajab, akuyang'ana ulusi umene unali pansi.

"Mwalakwitsa ndithu. Timitolo tonse tija tiyenera kumasulidwa."

Rajab anagwetsa nkhope.

"Koma kutsitsa mumatsitsa bwino," anatero Ernest. "Simunaswe tsamba ndi limodzi lomwe. Kwerani, muzindipatsira pansi pano. Kusankha sikufuna mwendo."

Anagwira ntchito mwakachetechete, wina pamwamba wina pachitsa, tochi itapachikidwa pansanamira. Ernest anamuonetsa mmene tsamba la m'munsi limapepukira m'manja, mmene la kunsonga limalemerera, ndi mmene amapindira tsamba limodzi n'kulikulunga pamitu ya anzake mpaka kamtolo kagwira kokha. Rajab anayesa kanayi, kachisanu kanagwira. Koma kum'mawa kutayamba kufiira, Ernest anayang'ana mikangala yotsala, n'kuyang'ana kunkhokwe, ndipo anaona yekha kuti manja anayi sangathe zonsezo lole isanabwere.

Rajab anatsika, n'kuvala nkhwaira yake, kuti akapeze pemphero. Ernest anatsamira ndodo, n'kudzuka movutikira, n'kuitana chakunyumba.

"Feliya, mundisitire malaya oyera aja. Lero ndikupita kutchalitchi, ndikaima pamaso pa amayi aja."

"Mukawauza chiyani?" anafunsa Feliya ali m'nyumba.

"Ndikawauza kuti sindingathe ndekha."

Mawuwo anamulemera pakamwa, koma atatuluka anamva m'chifuwa mwapepuka. Anatembenukira kwa mnzake, amene anali atafika kale pakhomo la chigafa, akusuzumira njira ya kumanda ija mokayikira ngakhale kunali kukuyera.

"A Rajab," anatero. "Mawa mubwerenso. Ndikukupemphani."