Mawu Amene Anatsala mu Fulashi

Fainala anakumana ndi Lucious pa siteji ya Mtunthama, Loweruka lina mu Meyi, fumbi la malole a fodya litamuyeretsa nsidze. Anali atadikira minibasi ya ku Boma mpaka miyendo kuwawa. Kenaka njinga yamoto inaima pafupi naye, mwini wake n'kuvula chipewa.

"Achemwali, khungu ngati limeneli salisiya padzuwa. Kwerani, nanenso ndi wa ku Boma."

Abale inu, pali anthu amene anabadwa ndi shuga palilime. Lucious anali mlangizi wa fodya, woyendera alimi kuyambira ku Wimbe mpaka ku Chamama. Asanayende n'komwe theka la njira, Fainala anali atamupatsa nambala ya foni ndi nkhani yake yonse.

Nkhaniyo inali iyi. Fainala ankagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ya makalabu a alimi, ndipo kompyuta ya pa ofesipo inali yobwereka. Eni ake ananena kuti kumapeto kwa Juni adzafufuta zonse n'kuitenga. Mu kompyutamo munali vidiyo imodzi yokha ya malemu amayi ake, akusankha fodya m'chigafa, akuimba, kenaka n'kutembenuka akuseka: "Iwe Fainala, chotsa chifoni chakocho udzandithandize!" Foni imene anajambulira inagwera m'ndowa ya madzi kalekale. Kunalibenso kwina kumene mawu a amayi ake anatsala.

Ndiye ulendo wa ku Boma unali wokagula fulashi yosamutsiramo vidiyoyo, kuti abale adzaionere mu Ogasiti pa mwambo wa chiliza.

Lucious anamudikirira panja pamene iye analowa m'sitolo ya Mayi Ezelina, mayi wonenepa, wa magalasi, amene amagulitsa zipangizo za kompyuta. Mayiwa samanyengerera munthu. Anamuuza kuti hadi dirayivu, kabokosi kosungiramo zinthu zambiri za pa kompyuta, asaiganizire, poti mkati muli kambale kozungulira kamene sikalimba ndi mabampu a misewu yathuyi. Anamutulutsira timafulashi tiwiri tachitsulo, topanda chivindikiro choti n'kutayika, ta magiga 32 kalikonse.

"Tengani tiwiri, mwanawe. Kena muziyenda nako, kena kazigona m'sutikesi. Ndipo mukaikamo chinthu, mukachitsegule pa kompyuta ina musanafufute kumene chachokera."

Fainala anatuluka kuti akamve maganizo a mnzake watsopanoyo. Lucious anaseka mpaka kugwira chiwongolero. Anati magiga 32 ndi za ana a sukulu, mawu a mayi wobereka mwana wokongola chonchi ayenera nyumba yaikulu. Analonjeza kuti amubweretsera yekha yochokera ku Lilongwe.

Mtsikana uja anabwerera kwawo chimanjamanja, koma mtima uli mbee.

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo. M'mawa: "Wadzuka bwanji duwa langa? Dzuwa latuluka mochedwa, limadikira iwe." Masana: "Ndili m'munda mwa anthu koma mtima uli pa ofesi yako." Fainala, amene chimwalirireni amayi ake sankaseka kawirikawiri, anayambanso kudzola mafuta onunkhira. Ndani angamunene? Munthu wamasiye akamva mawu ofewa amatsamira pomwepo.

Sabata yachitatu Lucious anafika ndi kabokosi. Munali fulashi yonyezimira ngati golide, pamwamba atalembapo kuti magiga 2,000. Anati waikamo kale nyimbo zachikondi zambirimbiri, komanso mawu ake amene anajambula yekha.

Atapita, Fainala anaibaya pa kompyuta n'kumvetsera. "Duwa langa, fulashi iyi ndi mtima wanga. Chilichonse chimene udzaikemo sichidzatayika. Ndinayenda Kasungu yense, koma maso anga anaima pa iwe wekha."

Anabwereza kasanu, misozi ikulengeza. Kenaka anakoperamo vidiyo ya amayi ake. Dzina la vidiyoyo linaoneka bwinobwino pansi pa nyimbo zija. Malangizo a Mayi Ezelina anawakumbukira ndithu, koma anachita manyazi. Kuyesa mphatso ya wokondedwa, si kumukayikira kumeneko? Anaimanga pa kachingwe n'kuivala m'khosi.

Juni atatha, eni kompyuta anabwera, anafufuta zonse, n'kuinyamula.

Kutatsala sabata imodzi kuti chiliza chichitike, amalume ake anabwereka laputopu kwa aphunzitsi ena kuti ayeserere kuonetsa vidiyo ija. Ang'ono ake a Fainala awiri anakhala pamkeka, azakhali anasiya kutongola chimanga. Fainala anadina dzina la vidiyo. Palibe chinaoneka. Anadinanso, anazula, anapukuta ndi chitenje, anabayanso. Mdima wokhawokha.

"Amayi ali kuti, achemwali?" anafunsa wamng'ono kwambiri.

Fainala anatenga foni. Anaimbira Lucious, ndipo iye anati vuto ndi laputopuyo, asadandaule, duwa silidandaula. Anati ali kutali ku Wimbe, adzaona akadzabwera.

M'mawa mwake Fainala anakwera minibasi yoyamba. Mayi Ezelina atangoona golide uja ali m'khosi, nkhope yawo inagwa. Anaibaya pa kompyuta yawo, anafufuza nthawi yaitali, kenaka anavula magalasi.

Anamufotokozera mofatsa kuti fulashiyo ndi yabodza. Imadzitcha yaikulu, koma malo ake enieni safika ngakhale magiga anayi, ndipo malowo anali atadzaza kale ndi nyimbo. Chilichonse chobwera pambuyo imachilandira, imalemba dzina lake, koma siisunga kanthu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

"Ndiye amayi anga simungawabweze?"

"Sanalowemo n'komwe, mwanawe. Pepa."

 Komabe mtima ndi wouma mutu. Fainala anayamba kumuikira kumbuyo Lucious, kuti mwina nayenso anamupusitsa ogulitsa, munthu wachikondi chotere sangachite dala. Pofuna kuti mayiwo amve okha, anawapempha atsegule mawu aja.

"Duwa langa, fulashi iyi ndi mtima wanga," anayamba Lucious m'sipika.

Mayi Ezelina anatsitsa mawuwo n'kumalizitsa okha, maso ali pansi: "Ndinayenda Kasungu yense, koma maso anga anaima pa iwe wekha."



Mayiwo anati Fainala ndi wachitatu chaka chino kubwera ndi fulashi yotere, ya mawu omwewa. Woyamba anali namwino wa ku Chamama, amene anataya zithunzi za mwana wake. Wachiwiri anali mphunzitsi wa ku Wimbe, mu Epulo, ndipo ameneyo anakamuuza mwini mawuwo pamaso kuti mafulashi akewo ndi abodza. Epulo! Ndiye kuti pamene ankamuseka Fainala panja pa sitolo yomweyi, ankadziwa kale.

Apa m'pamene Fainala analira, kulira kwenikweni, kosasamala amene akudutsa pakhonde. Sankalirira mwamuna ayi. Ankalira kuti iye mwini, ndi manja ake, anasiya tachitsulo tiwiri patebulo lomweli, ndipo tsopano ang'ono ake sadzamvanso amayi awo akuseka. Mayi Ezelina anatseka chitseko cha sitolo n'kumukhazika pampando wawo.

Foni inalira m'chikwama. Unali uthenga.

"Duwa langa, ndakusowa. Mawu anga aja ukuwasungabe?"

Fainala anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Analemba:

"Ako alipo onse, palibe limene latayika. A amayi anga ndi amene apita."

Anatumiza, anavula kachingwe kaja m'khosi n'kukasiya patebulo. Kenaka anatuluka kukakwera minibasi, akuganiza mmene akawauzire ana aja.