Mabotolo a m'Chipinda cha a Namaona

Maliro opanda anthu amachititsa manyazi, abale inu! Dzuwa linali litakwera kale, koma pakhomo pa malemu a Venansio Namaona ku Chirimba mipando inalibe okhalapo. Anthu anaima kutsidya kwa msewu, kumangonong'onezana.

Tionge, mdzukulu wa malemuwo, yemwe anali Fomu 3, ankadziwa zimene anthuwo ankanena. Agogo akewo anaphunzira sayansi kalekale, anagwira ntchito yoyeza madzi, kenako anatsegula kafakitale ka sopo komwe kanadyetsa mabanja ambiri. Koma zimenezo ankazikumbuka ndani? Anthu ankangoti munthu sangafike zaka 93, chuma chili m'manja, popanda kukhwima. Nanga m'chipinda chakuseri chija, chokhoma nthawi zonse, munali chiyani?

Kusukulu Tionge ankamutcha mdzukulu wa mfiti. Zinkamuwawa kwambiri, mpaka analeka kucheza ndi agogo ake. Akamuitana kuti, "Tionge, tabwera udzaone kanthu kuno," iye ankati ali ndi homuweki.

Tsopano anyamata okumba manda anabwera pageti, nkhope zili gwa.

"Ife khasu sitigwira mpaka chipinda chija chitsegulidwe," anatero wamkulu wawo.

A Hawkins, malume ake a Tionge, anapukuta thukuta. "Thyolani loko basi. Zonse muotche, bola bambo anga aikidwe lero."

Loko atathyoka, khamu lija linathamangira kuseri. M'chipindamo munali mabotolo amadzi ndandanda, lililonse lomatidwa kapepala ka dzina. Mnyamata wina anayamba kuwerenga mokuwa.

"A Hussain! Mayi Betty! Mayo ine, anatitsekera m'mabotolo!"

Kunali chipwirikiti. Ena anasonkha moto pabwalo, ena anayamba kuswa mabotolo pakhoma. Tionge anaona anzake a kusukulu akumuyang'anitsitsa. Ankafuna aliyense aone kuti iyeyo sizikumukhudza. Anakalowa, nanyamula chinthu chakuda, cholemera, chokhala ndi kagalasi kosuzumirapo, n'kuchiponya pamoto. Anthu anamuombera m'manja.

"Tasiyani zimenezo, inu!"

Anali a Hussain, mkulu wokhoma ndowa yemwe ankakhala nyumba yoyandikana. Anadutsa pakati pa anthu ndi ndodo yawo, natsomphola botolo la dzina lawo m'manja mwa mnyamata uja.

"Botolo ili ndinabwera nalo ndekha," anatero. "Chaka chija kolera atavuta, ana anga anayamba kutsegula m'mimba. Ndinatunga madzi a pachitsime changa n'kubweretsa kuno. A Namaona anawayeza, n'kundiuza kuti chitsimecho chayandikana ndi chimbudzi, ndichikwirire. Ana aja lero ndi makolo. Mayi Betty, tayang'anani kuno. Si inu munabwera ndi madzi a kwanu mutabisa m'chitenje, poopa kuti anthu angakuoneni? Anakulipiritsani?"

Mayi Betty anazyolika. "Ayi, sanandilipiritse."

"Nanga ankakhomeranji chipindacho?" anafunsa wamkulu wa anyamata uja, koma mawu atachepa.

"Iwe, m'menemo muli asidi wopangira zoyezera! Ukanakonda mwana wako amwe? Vuto lathu ndi limeneli. Tikavutika tinkabwera mozemba, tikachira tinkawanena poyera."

Wina anaika botolo pansi mwakachetechete, wina anazembera kumbuyo kwa anzake. A Hussain anatembenukira kumoto kuja, nasolola chinthu chakuda chija ndi ndodo. Chinali chitapindika, kagalasi katasweka.

"Waponya ndani maikulosikopu?"

"Ndine," anayankha Tionge.

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, osakalipa, ndipo Tionge anaona kuti bola akanakalipa.

"Ankaonera tizirombo ta m'madzi, mwanawe. A sukulu ina anabwera kudzapempha, iwo anakana. Anati, 'Uyu ndikusungira Tionge, mutu wake umagwira. Manyazi akadzamuthera adzabwera.'"

Tionge anakhala pansi, pafumbi pomwepo, n'kulira kulira kwenikweni, koyamba chimwalirireni agogo ake. Anadzida yekha kwambiri.

Anyamata aja anatola makasu awo, ulendo wa kumanda. Mayi Betty anamanga chitenje bwinobwino, nalowa m'nyumba ya siwa, n'kuyambitsa nyimbo. Amayi ena anawatsatira mmodzimmodzi.

A Hawkins anadzagwada pafupi ndi Tionge. "Bambo anasiya mawu akuti mbiri yawo kumanda ukanene ndiwe. Utha?"

Tionge anapukusa mutu. Akanena chiyani za munthu amene ankamuthawa m'nyumba imodzi? Anadzuka, nakakhala pambali pa a Hussain.

"Agogo, nthawi ilipo pang'ono. Chonde, tandiuzani kuti agogo anga anali ndani."